Chambo za Tadala

Lolemba

Tsiku lathu lomaliza linali tsiku wamba. Nangozo, mkazi wanga, anakangana ndi wogulitsa makala, kenako anapita kudooko nabwerako ndi chambo zisanu. Anazipala, kuzitumbula, kuzikulunga m'majumbo n'kuziika pansi penipeni m'firiji yake ya mafirizesi. "Izi ndi za Tadala, musazigwire." Ndinati mwana ali ku Mangalande, zikafika bwanji? Anati, "Inu zanu ndi mafunso basi." Madzulo anadandaula mutu. M'mawa mwake tinali kuchipatala. Ndi zokhazo.

Tadala sanabwere kumaliro, mapepala ake sanalole. Dzulo pafoni akuti, "Ababa, ine ndikungofuna kanthu kamene amayi anakagwira ndi manja awo."

Lamulungu akuchikazi akubwera kudzagawa katundu wa malemu. Firiji alamu anga a Lufeyo anaiyeza kale ndi chingwe, pamaliro pomwe. Ndiye ndatsala ndi sabata ino.

Chambo zipita ku Mangalande, zoundana, pa sitima yapamadzi. Zaka zonse ndili m'sitolo ya loji ku Senga Bay ndinkalandira makatoni a nsomba za kunyanja yamchere, zolimba ngati njerwa. Zawo zimafika kuno. Zathu zilephere bwanji? Njira ndi yomweyo!

Zofunika:
kulabokosi
ayezi
selotepi
munthu wodziwa za sitima

Lachiwiri

Munthu wodziwa za sitima ndi Che Amidu, neba wanga, ali ndi boti la injini. Akundimvetsera mpaka kumapeto osaseka. Munthu waulemu.

"Achimwene, nyanja yathu ino imathera ku Mangochi."

Ndikudziwa. Jogalafe ndinaphunzira. Pali Shire, pali Zambezi, kenako nyanja yamchere.

"Pakati pakepo pali mathithi ndi ng'ona."

Andibwereka kulabokosi yonunkha usipa, ndi nambala ya anthu ena ku Lilongwe otumiza katundu kunja. "Inshallah zikafika. Koma ndikanakhala ine ndikanangoziwamba."

Sindiwamba! Ndikaziwamba ndiye kuti ndi nsomba za manja anga. Nangozo anazisiya zaziwisi, zikafike choncho.

Kulabokosi ndaitsuka ndi sopo. Tsopano ikununkha usipa ndi sopo.

Ndatsegula firiji kungoona. Zili momwemo, majumbo omanga mfundo ziwiriziwiri monga amamangira iye. Ndatseka msanga.

Lachitatu

Ndikuimba ku Lilongwe. Akuyankha mtsikana wa mawu ofatsa. Akufunsa kuti katundu wanga adzaza makontena angati. Ndikuti ndi chambo zisanu. Zii. Ndimaganiza kuti mayunitsi atha.

Akundilongosolera bwinobwino, ndipo ndikulemba. Pali chibokosi chachitsulo, chachitali ngati basi, chokhala ndi firiji yakeyake. Chimakwera lole mpaka ku Beira. Kumeneko chimadikira sitima. Panyanja chimatha mwezi ndi kanthu, chosazima ngakhale ola limodzi. Ndipo umayenera kuchidzaza.

Kenako mapepala. La zaumoyo, la zansomba, la pamalire, ndi lina lochokera kwa azungu omwewo lovomereza malo amene nsombazo zinakonzedwera.

"Agogo, zinapalidwa mufakitale iti?"

Pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba.

"Pepani agogo, mtengowo sindikhulupirira kuti uli m'kaundula wawo."

Sanaseke nayenso. Anthu sabata ino akundichitira ulemu wochuluka kwambiri.

Palibe kanthu. Akuti chibokosi chidzaze, ndiye chidzaza. Si ine ndekha kuno amene ndili ndi mwana kunja.

Lachinayi

Pa njinga mpaka ku Lifuwu. Alimi a mpunga akugwirizana nazo, koma akuti mpunga sufuna firiji, ndiwachotsereko mtengo. Asodzi akuti abweretsa nsomba ndikayamba ndawaonetsa sitimayo. Ndafotokoza kwa anthu ochepa chabe, ndipo aliyense ndamuuza kuti asafalitse.

Ndikufika kunyumba, khonde ladzaza:
thumba la mpunga, la ku Joni
therere louma m'chitini, la ku Dubai
mabotolo awiri a thobwa, opanda dzina
nkhuku yamoyo yomanga miyendo, ya mnyamata wina ku Amereka

Mayi a kutchalitchi kwathu akufunsa ngati sitimayo ingaime pang'ono pa Joni, mwana wawo adzathamangira yekha kumsewu.

Ndaunjika zonse pamodzi. Sizingadzaze ngakhale wilibala. Komabe ndi chiyambi!

Masana magetsi azima. Sindikuda nkhawa. Amazima, amayaka.

Nkhuku ndaimasula, inkandiyang'ana kwambiri.

Lachisanu

Sanayake. Akuti thiransifoma yapsa, ina ichokera kutali. Amene ali ndi ayezi kudooko akumukumbatira ngati mwana wakhanda.

Firiji ndaifunditsa mabulangete anga onse. Lamulo: osatsegula!

Ku boma la Salima kukagula ayezi. Ndapeza chibuluma chachikulu, ndachikulunga m'thumba ndi utuchi. Minibasi ikudikira kudzaza. Ikudikirabe. Wokhala pafupi nane akukweza mapazi, madzi akuyenderera mpaka kwa dalaivala. Ndikufika kunyumba ndi kachidutswa kofanana ndi sopo wosambira. Ndakaika m'kapu, ndamwa.

Foni ya alamu a Lufeyo. Mbiri yafika kwawo ku Maganga kuti ndikutumiza katundu wa mlongo wawo ku Mangalande pa sitima yangayanga.

"Alamu, nsomba nazonso ndi katundu wa malemu. Kasatuluke kanthu m'nyumbamo tisanakhale pansi. Ngakhale mamba."

Ndikuti chabwino alamu. Zaka zonsezi sindinawatsutsepo, sindiyamba lero.

Ndabweza mpunga ndi therere. Thobwa laphulika lokha. Mwini nkhuku akuti ikhale konkuno mpaka sitima ipezeke.

Mawa ndiimbanso ku Lilongwe. Mwina pali kabokosi kakang'ono.

Loweruka

Ku Lilongwe sakuyankha. Ndi Loweruka.

Ndaphwanya lamulo langa, ndatsegula. Pansi pali madzi ofiira a mafirizesi, majumbo akuyandama. Ndikadina ndi chala, chala chikulowa.

Che Amidu akununkhiza imodzi. "Lero ndi chakudya cha anthu. Mawa ndi cha amphaka."

Kutuluka m'nyumba sizingatuluke, alamu analetsa. Koma za kukazinga sananenepo kanthu. Khitchini ndi m'nyumba momwemo.

Vuto: sindinakazingepo nsomba. Ndinkangolandira makatoni.

Ndikumuimbira Tadala pavidiyo, ndikumuuza zonse kuyambira Lolemba. Akuseka mpaka foni kugwa. Ataitola, maso ali ofiira. "Ababa, pa sitima? Inuyo?" Kenako akuti ndiimike foni pa ndowa kuti aziona.

"Osati choncho! Amayi ankayamba acheka mizere m'mbali. Ndimu kaye, mchere pambuyo. Dikirani mafuta alire!"

Mawu ake akamakalipa ndi a mayi ake enieni. Ndinatembenuka ngati ndikufuna chivundikiro.

Yoyamba yapserera. Yachiwiri yasiya khungu m'poto. Zitatu zatuluka bwino, ndipo Tadala akuti ndiyandikitse foni kuti amve mmene zikulirira. Tinamvetsera limodzi mpaka batire kutha.

Lamulungu

Akuchikazi afika tchalitchi itangoweruka. Mphasa pabwalo, katundu yense panja. Moyo wa munthu suchedwa kuunjika.

Ndawapatsa mpunga ndi chambo. Alamu a Lufeyo adya ziwiri, kenako akufunsa kuti nsomba za mlongo wawo zili kuti, ziwerengedwe. Ndawalozera minga m'mbale yawo. Asamba m'manja.

Madiresi kwa azichemwali a Nangozo. Mapoto kwa mphwake. Nsapato za kutchalitchi zamukwana mng'ono wake, wazivala pomwepo. Firiji yakwera ngolo ya ng'ombe kupita ku Maganga, kumene magetsi sanafike. Alamu akuti azisungamo chimanga, anankafumbwe sangalowe.

Ngolo itangokhota pamsewu, babu la pakhonde layaka.

Nkhuku yapita ndi azakhali a Nangozo. Akuti anaiona pabwalo, ndiye ndi ya malemu. Mwini wake ndikambirana naye mawa.

Chatsala pamphasa ndi chitenje chimodzi chothetheka, chimene ankavala popita kudooko. Palibe wachifuna, chikununkha nsomba. Mng'ono wake akuti achichape kaye chikhale chokolopera. Ndati ayi, musachichape, chili ndi mwini wake.

Ndachipinda, ndachiika m'envelopu yaikulu, ndalemba dzina la Tadala. Selotepi uja wagwira ntchito. Mawa ku positi. Akandifunsa kuti muli chiyani, ndinena kuti nsalu.

Pamene panali firiji patsala malo oyera pasimenti. Ndasesa m'nyumba monse. Pamenepo ndapalambalala.