Choyamba Kulowa, Choyamba Kutuluka

Lolemba
Lero shedi ya kachewere ya amalume pa Lizulu yalowa m'manja mwa katswiri: ine. Zaka zitatu zosenza makatoni ku Kanengo zisapite pachabe. Vuto pano ndi loti matumba atsopano amaunjikidwa pakhomo, akale n'kumawolera kumbuyo. A Bwanali, amene amadzatigula ndi lole Loweruka lililonse, achenjeza kuti akapezanso yowola azikagula kutsidya kwa msewu, ku Mozambiki.
Dongosolo langa:
– katundu azilowera khomo lakutsogolo
– kusankha, kuyeza pa sikelo, kusoka
– wakale azisunthira kukhomo lakumbuyo, lole izinyamulira komweko.
Mivi ndajambula pansi ndi laimu. Pakhoma ndalemba: CHOYAMBA KULOWA, CHOYAMBA KUTULUKA. Kukongola kwake!

Lachiwiri
Antchito onse anayi alawirira, akulimbirana khomo. Mtima wanga mbee! Leveni koloko a Fanuwelo, osoka matumba, akutsanzika, chala chikuloza khoma: "Ndinayamba kulowa ndine, bwana." Pofika wani koloko tatsala awiri, ine ndi sikelo.

Lachitatu
Ndafotokoza kuti mawuwo ndi a mbatata, osati anthu. Amva. Koma mzere sukuyenda. Oyeza, mayi Nachisale, ayenera kupatsira thumba a Fanuwelo, ndipo mayiwo ndi apongozi awo! Sangayang'anizane. Mayi akusiya thumba n'kutembenukira kukhoma, mkamwini akuzungulira shedi yonse panja kudzalitola. Thumba lililonse! Ku Kanengo kunalibe apongozi.

Lachinayi
Ndawatalikitsa awiriwo. Zikuyenda. Kenaka amalume ndi wilibala yawo akulowera khomo lakumbuyo, moyang'anizana ndi mivi yanga. Ndikutsokomola mwaulemu. "Khomo ili ndinaboola ndine, iwe usanamere mano." Ndikuwathandiza kukankha.

Lachisanu
Zatheka! Matumba akale onse ali ndondondo kukhomo lakumbuyo, tawasankhanso, angodikira lole. Atsopano kutsogolo. Msana ukupweteka koma ndikuimba mluzu.

Loweruka
Lole yafika. Kumbuyo siingakhote: pali ngalande, yomwe ndaidumpha sabata yonse osaiona. Yaima kutsogolo monga mwa masiku onse. Ndikuthamangabe kukafuna matabwa oyala pangalandepo, anthu apakira kale matumba atsopano okhaokha. A Bwanali akumasula limodzi, akununkhiza, akundigwira chanza ndi manja awiri: "Achimwene, sukulu ndi yabwino. Tionana Loweruka." Manyazi andigwira, koma msika sunatithawe.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi amalume akuuza aliyense kuti mphwawo wabwera ndi nzeru za ku Kanengo. Matumba akale aja akadali kumbuyo, ayamba kununkha. Madzulo ndikuwakweza pa wilibala ndekha, limodzilimodzi, kutulukira khomo lakumbuyo kupita kudzala. Mivi yanga yapeza woitsatira.