Mmene Ndinakhalira Tambala wa M'phiri

Ine si munthu wochita manyazi wamba, koma za m'phiri zija akazi anga, Anangozo, akangozikumbuka amaluma mpango kuti asaseke.

Inali nthawi ya nkhondo. Tinathawa ku Lifidzi kukabisala m'phiri, ndipo atambala onse tinadya kuopa kuti angatiulule polira. Mwana wanga Rosa anali ndi pakati potopa. Tinagwirizana zomuperekeza kuchipatala kutsidya kwa malire, ku Malawi, koma msewu waukulu unafunika kuudutsa kusanayere, asilikali asanayambe kuyendamo. Nanga popanda tambala atidzutsa ndani?

Mkamwini wanga Juliyo, purofesolo, ndiye kuti mphunzitsi wa pamishoni, anayamba zake. Akuti Angelezi m'bandakucha amati "doni", ndipo mawuwo anachokera ku mawu awo akale otanthauza kuti usiku ukusanduka usana. (Munthu wabwino, koma zikavuta amathawira m'buku.)

"Akamwini," ndinatero, "kucha sikukhala m'buku, kumakhala m'magazi! Chikwatirireni ine ndimadzuka tambala asanalire. Funsani apongozi anuwa."

Anangozo anangoyang'ana pansi.

Tsiku limenelo amuna tinagona patokha, amayi kwawo ndi Rosa. Ndinatsamira mwala, maso kum'mawa, kudikira nthanda. Ndinangophethira kamodzi, ndikulumbira. Chimene ndinamva kenako ndi chigongono m'nthiti. Ndinalumpha n'kukuwa monga ndimakuwira anyani kumunda: "Dzukani inu! Kwachaa!"

Anthu onse anali chilili, akatundu pamutu, Rosa atamukweza kale panjinga. Kumunsi agalu anayamba kuuwa.

"Tsekani pakamwa, abambo a Rosa, mutiphetsa!" ananong'ona Anangozo.

Tinatsika phiri liwiro, ine patapata imodzi m'manja (inzake ili konko mpaka lero). Msewu tinadutsa kum'mawa kutafiira, ndipo galimoto ya asilikali tinaimva tili kale m'mabulugama. Dzuwa lili paliwombo, Rosa anachira mwana wamkazi, wa mawu aakulu ngati ine agogo ake.

Pakhonde la chipatala ndinadandaula kuti lero lokha magazi andipusitsa.

"Magazi ati?" anatero Anangozo. "Zaka zonsezi ndimakugundani ndine, n'kutembenuka ngati ndili m'tulo."

Juliyo anapita kukaona njinga, imene inalibe vuto lililonse.

Nkhondo inatha, tinabwerera kwathu. Pamudzi pano ndimadzukabe woyamba, ndipo ndimauza aliyense mokweza. Kungoti pogona sinditalikirana ndi Anangozo.