A Saulos ndi Tenti Yawo ya ku Dzalanyama

Ku Chinsapo kuno munthu mmodzi yekha ndiye ankasiya bedi, mkazi ndi nyumba yamalata n'kukagona m'phiri mwadala: malemu a Saulos Kamwendo, a ku Ntcheu. Anagwirapo ntchito yaulonda kwa mzungu wina, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira tenti ndi chikwama chakumsana chachikulu ngati thumba la feteleza. Kuyambira pamenepo mwezi sunkatha osakwera phiri la Dzalanyama. Akazi awo, mayi Zipora, ankati mzunguyo akanangowasiyira wailesi, banja likanakhala pamtendere.

Vuto la a Saulos linali mkono, unkayankha pakamwa pasanatseguke. Kondakitala wina pasiteji ya Likuni anakhalira chikwama chija, iwo anasolola sefuliya n'kumukhoma nayo pamutu mpaka inapindika. Anadandaula sabata yathunthu, koma chomwe ankadandaula ndi sefuliyayo.

Ine ndine telala, ndipo tentiyo ikang'ambika inkabwera kwa ine. Mu 2006 anandiuza kuti sindingasoke bwino chinthu chomwe sindinagonemo, basi ananditenga. Tinakwera kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tenti tinamanga pansi pa mtengo waukulu wa muwanga, pomwe iwo ankati ndi pabalaza pawo.

Kutacha, dzuwa litakwera, nyani wamkulu analowa mutentimo n'kunyamula jumbo yathu ya ufa. Munthu wanzeru akanamusiya. A Saulos anamugwira mchira. Anagubuduzana m'fumbi, ufa uli koboo, nyani akuluma, iwo akumuthira zibakera m'nthiti. Nyani anathawa ndi theka la khutu lawo, iwo anatsala ndi jumbo yopanda kanthu, koma ankaumirira kuti apambana.

Tinatsikira kukamtsinje kukatsuka balalo. Pobwerera tinapeza tenti yatayidwa pambali, amuna atatu ootcha makala akudula muwanga uja. Wamtali pakati pawo, yemwe anzake ankamutchula Amosi, sanasiye n'komwe kudula.

"Mtengo uwu ndi wanga," anatero a Saulos.

"Munaubzala liti, madala?" anafunsa Amosi.

Yankho linali chitsulo chomangira tenti. Mano awiri a Amosi anagwera pansi ngati mbewu za chimanga. Wachiwiri chinamupeza pabondo, anakhala pansi osafuna. Koma wachitatu anawazembera kumbuyo n'kuwakhoma ndi mpini wa nkhwangwa m'nthiti, kenako pamwendo. Fupa ndinalimva ndi makutu angawa likuthyoka. Ine ndinali kuseri kwa mwala, sindikana. Singano si chida cha nkhondo.

Amuna aja ataona kuti mkuluyo sakudzuka, mantha anawagwira. Amosi analavula magazi, anatsitsa matumba a makala panjinga yake n'kukwezapo a Saulos. Tinakankha njingayo maola asanu mpaka tinapeza galimoto yopita kuchipatala cha Likuni. Njira yonse a Saulos ankamumenya Amosi makofi m'khosi, akumulamula kuti azizemba maenje.

"Mukachira, madala, tidzamalize," anatero Amosi powakweza m'galimotomo.

"Udzabwere ndi mano otsalawo," anayankha.

Sanamalize. Mwendo unapola mokhota, nthiti sizinasiye kupweteka, ndipo phiri sanalikwerenso. Ankakhala pakhonde ndi mulu wa miyala, kugenda njinga iliyonse ya makala yodutsa mumsewu wathu. Ife makala tinkagula mobisa, kulowetsera kuseri kwa nyumba ngati katundu wakuba. Mayi Zipora nawonso ankatero, n'kumawauza amuna awo kuti aphikira zitsononkho. Amosi yekha ankadutsa dala Lachisanu lililonse. Ankaliza belu, kuzinda mwala, n'kufunsa kuti madala adzuka bwanji. Mwala wachiwiri nthawi zambiri unkamupeza.

Chifuwa chinawatenga a Saulos m'nyengo yozizira ya 2008. Patsiku la maliro Amosi anabwera wopanda njinga, anapempha malo paphewa, n'kunyamula nawo bokosi mpaka kumanda.

Masiku ano njinga za makala zimadutsa m'mawa uliwonse, palibe mwala, palibe wotukwana. Makala timalowetsera pakhomo lakumaso, ndipo msewu wathu wangoti zii ngati wa anthu obwera dzulo. Amosi amadutsabe Lachisanu. Akayandikira pa mayi Zipora amatsika, belu saliza, amangokankha njinga mpaka khonde lija litatsala kumbuyo.