Ba Whyson Amene Anapha Misisi Yonse

Ku komboni yathu ya Misisi, ngati ba Whyson sanakupheni, ndiye kuti simunali munthu wodziwika. Bamboyu masana ankawotcherera zitsulo ku mafakitale a ku Heavy Industrial, koma Loweruka ankajambula mafilimu oopsa ndi foni yosweka galasi, ndipo filimu iliyonse inkafuna mitembo. Ine ndekha ndinadulidwa mutu, ndinamezedwa ndi furiji, ndinaphedwanso ndi wilibala yolodzedwa, mpaka amayi anatopa nako kundilira.

Magazi awo anali polishi wofiira wa pansi wosakaniza ndi phala. Matumbo ankagula a mbuzi ku Chibolya, n'kukupanira m'malaya. Ukafa bwino ankakuyamika, ukafa mopusa ankakudzutsa kuti ufenso, akukuwa mawu awo aja odziwika: "Ukani, tibwezemo futi."

Tsiku lina ba Goliati, kondakitala wa minibasi, anagona chagada pafupi ndi damu la Ngwenya, chilombo chitawang'amba mimba. Chilombocho anali mlamu wawo atavala masaka ndi neti ya udzudzu, magambutsi akuonekera pansi. Galu anangobwera n'kutola matumbo aja. Mtembo unadzuka, uyo liwiro pambuyo pa galu, chilombo nachonso pambuyo pa mtembo.

"Ba Goliati, munafa imwe," anatero ba Whyson.

"Nifa pambuyo, bosi. Ija ni ndiwo yathu."

Ba Whyson sanadule kalikonse pa zimene anajambulazo. Filimuyo ndiyo anthu ankaikonda kuposa onse, ankaseka mpaka kugwa pa mabenchi, kenako ana n'kumakana kukatunga madzi okha.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanaphedwepo: ba Felistus, akazi awo, amene ankachapa zovala zonse za polishi zija. Mu filimu iliyonse iwo ankatsala amoyo, n'kutseka chitseko pomaliza. Zinkawapweteka kwambiri, chifukwa pa mpopi amayi anzawo ankadzitama ndi imfa zawo.

"Muzanipaya liti ine?" ankafunsa.

"Simuziba kufa, amake Dumi."

"Ba Rosemary banafa uku baseka, koma munabapaya kabili."

Anayesa zonse. Anadzigwetsa pakhonde kuti aonetse luso, bondo n'kutupa sabata yathunthu. Anasiya kuchapa magazi. Ulendo wina anadziponya dala pakati pa mitembo, ba Whyson n'kungotembenuzira foni ku mtengo wa papaya.

Chifuwa chitawagwira ba Whyson, tinapita kukawaona. Anali atatha ngati nsungwi, koma pakamwa pokha panalibe matenda. Ba Felistus, akuwamwetsa phala, anayambanso mlandu wawo uja, mwina pofuna kuwaseketsa. Ulendo uno bambo sanazembe.

"Imwe mumafa kamozi na kuuka," anatero. "Ine polumikiza filimu nimaona imfa imozi nabwelezabweleza, mpaka maso yababa. Goliati ningamuone akufa mpaka mawa. Koma imwe, amake Dumi, siningakwanise."

Ba Felistus anaika supuni pansi n'kutuluka, ati akukaona moto, chonsecho mbaula inali yozima.

Pa maliro a ba Whyson panabwera mitembo yawo yonse, Misisi yathunthu. Bokosi litatsikira m'manda ku Chingwere, ba Felistus anaima m'mphepete mwa dzenje. Sanalire mokuwa. Anangowerama, n'kunena motsitsa, koma tonse tinamva: "Ukani, tibwezemo futi."

Ba Goliati, chimunthu chonse chija, analira ngati mwana.

Masiku ano Loweruka ku Misisi ndi tsiku wamba, ndipo ine ndimawasowa kwambiri bambo aja. Palibe amene amathamanga mu msewu ndi nkhwangwa ya katoni m'mutu, polishi amangopakidwa pansi basi. Mafilimu alipobe, ba Felistus amationetsa pa TV yawo tikawapempha. Amaseka nafe imfa zathu zonse, koma ikamafika poti mayi uja watsala yekha akutseka chitseko, amadzuka n'kuzimitsa.