Khoma Langa Lakana Penti Wanu

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woona za Kukongola kwa Makomboni,

Bwana, ndalemba kalatayi chogwada. Ndine Josiah wa ku Kanyama, ndipo ndinapenta nyumba za anthu zaka makumi awiri kampani yathu isanatsekedwe.

Choyamba, zikomo. Chaka chino chimene tikuswera pamzere kudikira sopo ndi mafuta ophikira, inu mwatipezera penti woyera wa nyumba zonse za m'mbali mwa msewu, kuti alendo odzaona za ngalande asakhumudwe ndi banga limene madzi osefukira amasiya pakhoma. Ife tinapempha ngalande chabe, sitinkadziwa kuti mumatikonda chonchi.

Chachiwiri, ndikupepesa m'malo mwa khoma langa, ndi losaphunzira. Antchito anu analipaka Lolemba, pofika Lachinayi banga linali litatulukanso. Anabwereza, linatulukanso. Mlandu wina ndi wa akazi anga, ba Mainess. Chaka chilichonse madzi akaphwa, amalemba mzere pamene anafika, ndipo amalembera oilo wakuda wa galimoto chifukwa makala amafufutika. Oilo saopa penti. Choncho alendo anu adzapeza mizere isanu ndi iwiri, wapamwambawo uli pamchombo panga. Ndawadzudzula kwambiri, ndipo akuti chaka chino alembanso.

Chachitatu, kalangizo ka mmisiri wopanda ntchito. Banga silitha pongolipaka pamwamba. Mumayamba mwapala khoma, kulitsuka, kulisiya liume, kenako andakoti, penti woyamba wapansi uja, penti weniweni pomaliza. Vuto ndi lakuti langali silinaumepo, limamwa madzi kuchokera pansi. Nditamufotokozera kapitawo wanu, anandiyankha mwaulemu kuti kuuma kwa makoma ndi nkhani ya ofesi ina.

Kupalako ndiye musayese n'komwe. Dzulo ndinangokanda ndi chikhadabo, buloko inanyenyeka ngati buledi wonyowa. Kuseri kwa khoma limeneli ndi kumene kuli bedi lathu, ndipo mvula yatsala milungu isanu. Ndisakunamizeni, bwana, ndili ndi mantha.

Za ngalande ndasiya kutchula, ndaona kuti zimakutopetsani. Ndingopempha chitini chimodzi chokha, tipake ndi mkati momwe. Khomali likadzatigwera ine ndi ba Mainess, odzatifukula adzapeze mbali zonse zili zoyera, dzina lanu lisade.

Ine wanu wogwada m'madzi,
Josiah Sakala
Kanyama