Amalume pa Lichero

Lolemba
Ndani analamula kuti filimu ya ngwazi zouluka imafuna mamiliyoni? Kuno kwa azungu, kunyumba yoonetsera kanema ya ku Greenwich, komwe digiri yanga ikugulitsa mbuliwuli, ndimaona za ku America tsiku lililonse: mzinda wonse kugumuka, nkhani palibe. Lero ndaonera ya ku Russia. Moto wake ngati wojambula ndi choko, chovala cha ngwazi chikusomoka m'khwapa, koma anaimaliza! Nanenso ndipanga yanga. Mpikisano wa mafilimu aafupi ukutseka Lamulungu, wopambana amakaphunzira ntchito ku situdiyo. Mbuliwuli, tsala bwino!

Lachiwiri
Zomwe zilipo:
foni yanga
ngwazi: amalume, dikoni wa mpingo wathu ku Peckham, mphamvu zonse zili pamimba
chishango: lichero la akazi awo
katani yobiriwira ya kutchalitchi, yoti pakompyuta isanduke mitambo
Amalume: "Bola ndisavule malaya, mphwanga."

Lachitatu
Tikujambula. Amalume angoweruka kosamalira okalamba. Adumpha kuchokera pampando kuti aoneke akuuluka, bondo lakana. Basi, tawajambula atakhala pansi, manja m'mwamba. Aku Russia sakanadandaula, inenso ayi.

Lachinayi
Katswiri wa kompyuta ndi mwana wawo Tamanda, wobadwira konkuno ku Wembley. Chichewa amamva, kuyankha ndi Chingerezi. Ndamuuza kuti awaulutse. Akuti munthu wokhala pansi amafuna chokhalira. "Trust me." Ndilibe nthawi yofunsa, ndachedwa ku shifiti.

Lachisanu
Mayo ine! Wawakhazika PA LICHERO! Dikoni wathunthu akudutsa pamwamba pa mtsinje wa Thames ali pa lichero, akumwetulira. Tamanda akuti likuoneka ngati chombo cha m'mlengalenga. Palibe anamuuzapo kuti kwathu ouluka pa lichero ndi afiti. Ndipo watumiza kale pagulu la banja la pafoni.
Mlongo wa amalume wa ku Kasungu: "Ngati mumabwera kuno, achimwene, bwanji osatisiyirako ndi sopo yemwe?"

Loweruka
Mbiri ya lichero yafika kumpingo, akuluakulu aitanitsa amalume, ine, ndi katani yawo. Ndikufotokoza za kompyuta, za mafilimu otchipa a ku Russia. Mkulu wina wavula magalasi: "Ndiye kuti mankhwalawo mwatenga ku Russia?"
Lichero eni ake alilanda, alitsekera m'kabati.
Panja amalume akutsimphina, sakundiyang'ana. "Banja laseka, latha. Koma filimuyi ikaonetsedwa pagulu, udikoni wanga wathera pomwepo. Usankhe wekha, mphwanga."

Lamulungu
Chowawa n'choti filimuyi ndi yabwino. Kuuluka kwake aku Russia sangafikeko, aku America akanawonongerapo mzinda. Ndaionera kachikena, chala chili pa batani lotumizira. Ndakumbukira bondo lija.
Ndaifufuta. Ndasita katani, ndakaipachika mapemphero asanayambe, ndakwera basi kukakazinga mbuliwuli.