Sabata Imene Ndinavala Kachilombo

Lolemba
Loweruka kuli mpikisano wa sayansi ku Boma. Opambana alandira maikulosikopu. Sukulu yathu kuno ku Kandeu ilibe. Ana amangoiona pabolodi, yojambula ine, ndipo amati ndi mtondo. Ndikuifuna, ndipo ndiitenga!

Tichita sewero la mmene selo imakonzera uthenga wochokera ku jini, kachidutswa kosunga malangizo a chibadwa. Uthengawo, RNA, ukhala chingwe cha nsanza zofiira ndi zakuda. Mwana wina akhala puloteni yodula zakuda, wina puloteni yolumikiza zofiira. Wachitatu akhala puloteni ya kachilombo ka HIV, imene imazembetsa uthenga wa kachilomboko usanadulidwe, n'kuutulutsa m'chipinda cham'kati mwa selo. Chovuta palibe.

Lachiwiri
Sizasi ya wodula akuyilimbirana kalasi yonse. Chikwangwani cholembedwa KACHILOMBO palibe wofuna n'kuchikhudza komwe. Pomaliza Tamanda wavomera, poti akuti m'seweromo muli kuthamanga.

Lachitatu
Mayi ake a Tamanda ali pakhomo la ofesi, khasu paphewa. "Aphunzitsi, mwana wanga mwamuyeza liti?" Ndikufotokoza bwinobwino za mapuloteni. "Ndiye muvale inuyo." Ahedi akugwedeza mutu, kuvomereza iwowo. Ndapsa mtima mpaka choko chathyoka m'manja.

Lachinayi
Lole yogula kachewere yafika. Wodula ali kumunda. Wolumikiza akusenza matumba. Mbuzi ya alonda yapeza chingwe pawindo, yadya zofiira zokhazokha, n'kundisiyira zakuda. Ngakhale mbuzi ikudula mosemphana ndi buku!

Lachisanu
Chingwe china, cha malaya anga akale. Ana abwera, msana ukuwawa. Wofuna chikwangwani palibebe. Chabwino, ndivala ndekha. Bambo wa mimba ngati ine kuthamanga mozungulira bwalo la phulusa loimira chipinda cham'kati mwa selo, ana akugubuduka ndi phwete. Zonsezi n'chifukwa cha maikulosikopu.

Loweruka
Pamatola tadzaza ngati matumba. Poopa kuti wina achikhalira, chikwangwani ndachikoleka m'khosi. Ndachiiwala momwemo. Njira yonse anthu akundipatsa malo. Wakabaza ku Boma akupalasa pang'onopang'ono kudutsa pamsika: "Ndisakugwedezeni, bwana." Ine n'kumati ndi ulemu wa uphunzitsi!

Sewero layamba bwino. Ndagwira uthenga wanga, ndikuzemba nawo. Wodula, poona oweruza, changu chamukwera: wandithamangitsa, wadula chingwe changa tizidutswatizidutswa. Holo yonse m'manja, akuti kachilombo kagonja. Ndikukuwa kuti m'selo sizitero, palibe akumva. Oweruza akuti sewero n'lokoma koma sayansi yapotoka. Maikulosikopu yapita kusukulu ina, yomwe yasefa madzi ndi makala. Makala!

Lamulungu
Kutchalitchi mkulu wa mpingo wandiimiritsa. "Taonani aphunzitsi athu, sakubisa, ayenda nazo poyera mpaka ku Boma. Nanga ife tikuopa chiyani?" Nthungululu. Ndikutsegula pakamwa kuti ndinene za RNA, kwaya yayamba kale. Abambo angapo akuti mawa akayezetsa. Nditsutse bwanji pamenepo?

Potuluka, mayi ake a Tamanda andigwira dzanja, andipatsa mazira m'kambale. "Mukanangonena, aphunzitsi. Muzidya, mukuonekabe bwino."

Mazirawo ndalandira. Mawa ndikajambulanso mtondo uja pabolodi.